Mbiri ya Trigonometry, Luso Loyeza Zosafikirika

Chiyambire kale lomwe, ana a anthu akhala akudzifunsa mmene munthu angayezere phiri limene sanalikwere, kapena nyenyezi imene dzanja lake silingaikhudze. Ndipo yankho lake, limene lero ophunzira a sekondale amakumana nalo m'masamu otchedwa trigonometry, silinabadwe tsiku limodzi kapena m'dziko limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Anzeru a ku Babulo ndiwo anatisiyira mwambo wogawa mkombero m'madigiri 360. Pambuyo pawo panadzuka Hipparchus, Mgiriki wopenya nyenyezi pachilumba cha Rhodes, amene zaka zoposa 100 Khristu asanabadwe analemba ndandanda ya kutalika kwa mizere yodutsa mkati mwa mkombero, monga nsinga igwira nsonga ziwiri za uta. Ntchitoyi anaikuza Ptolemy wa ku Alexandria cha m'ma 150, m'buku lake la Almagest. Ndipo m'chaka cha 499 Aryabhata wa ku India, poona kuti theka la mzerewo ndilo lithandiza koposa, analemba ndandanda ya matheka, imene ili kholo la sine wathu wa lero. Akatswiri achisilamu, monga al-Battani ndi al-Tusi, analandira cholowachi nachikometsa, kufikira chinaloweranso ku Ulaya, kumene Regiomontanus anachilembera buku mu 1464.

Chinsinsi chimene onsewa anachisunga n'chimodzi: m'chinthu cha ngodya zitatu, bola ngodyazo zisasinthe, mbali zake zimasunga muyeso womwewo pakati pawo, chingakule kapena kuchepa chotani. Makwerero a mamita 6 otsamira khoma, atapendekeka madigiri 30 kuchokera pansi, adzafika mamita 3 pakhomapo, chifukwa sine wa 30 ndi theka; ndipo munthu woyang'ana nsonga ya mtengo atakweza maso madigiri 45 angoyenera kuyeza mtunda wofika patsinde, awonjezepo msinkhu wa maso ake, basi mtengo wayezedwa.

Mphamvu ya lusoli inaonekera poyera ku India, kumene ntchito yoyeza dziko lonse ndi ngodya inayamba mu 1802. Oyeza malo anapenya mapiri a Himalaya ali kuchigwa, pamtunda woposa makilomita 160, ndipo mu 1852 Radhanath Sikdar, atakhala pansi ndi cholembera, anapeza kuti phiri lotchedwa Peak XV ndilo lalitali kuposa onse. Mu 1856 oyeza malowo analengeza kuti phirilo, limene lero ndi Everest, ndi la mafiti 29,002, kutatsala zaka 97 kuti phazi la munthu lipondepo. Ndipo muyeso wa lero usiyana ndi wawowo ndi mafiti 30 okha.

Choncho, ophunzira inu, musataye mtima pamene sine, cosine ndi tangent akuzunguzani mutu. Jambulani ngodya zanu, yezani modekha, bwerezani; kuona maso a nkhono n'kudekha.