Mlimi Amene Anakana Kuwombera: Mbiri ya Jacob Hochstetler

M'chigawo chino cha mbiri ya Mpingo tiwoloka nyanja kupita ku Pennsylvania, m'dziko la America, kumunda wa mlimi wina dzina lake Jacob Hochstetler. Munthuyu sanalembe buku, sanayambitse mpingo, ndipo sitikadamudziwa n'komwe pakadapanda usiku umodzi wa mwezi wa September m'chaka cha 1757.

Jacob anali wa mpingo wa Amish, nthambi imene inapatuka pakati pa a Mennonite m'chaka cha 1693 motsogozedwa ndi Jakob Ammann. Tsinde lawo ndi limodzi: okhulupirira amene anayamba kubatiza akuluakulu ku Zürich m'chaka cha 1525, amene pambuyo pake ambiri anatchedwa ndi dzina la Menno Simons, wansembe wa ku Netherlands amene anasiya unsembe m'chaka cha 1536. Anthuwa ankakana ubatizo wa makanda, kulumbira, ndi kugwira lupanga. Chifukwa cha ichi ena anamizidwa m'mitsinje, ena anatenthedwa, ambiri analandidwa minda. Chivomerezo chawo cha ku Dordrecht cha m'chaka cha 1632 chimaphunzitsa kuti Mkhristu akazunzidwa athawe, koma asabwezere.

Jacob anachokera ku Alsace nafika ku Philadelphia m'chaka cha 1738. Anakakhazikika pafupi ndi mtsinje wa Northkill, m'munsi mwa phiri la Blue Mountain, kumalire enieni a midzi ya azungu. Anaswa mphanje, namanga nyumba ya mitengo, nabzala maapozi ndi mapichesi, nalera ana ake m'chilankhulo cha Chijeremani ndi m'mapemphero a m'nyumba, pakuti a Amish sankamanga matchalitchi.

Koma tisabise za nthakayo. Dzikolo linali la anthu a mtundu wa Lenape. M'chaka cha 1737 ana a William Penn anawachenjerera: pangano linati azungu atenge malo amene munthu angayende pa tsiku limodzi ndi theka, iwo nalemba ganyu anthu aliwiro, natenga maekala oposa 1,000,000. Jacob sanali m'gulu la onyengawo, ndipo munda wake sunali m'malo amenewo. Komabe ankalima m'dziko limene eni ake ankakankhidwira kumadzulo chaka ndi chaka. Nkhondo ya Angerezi ndi Afalansa itabuka m'chaka cha 1754, ambiri a Lenape anagwirizana ndi Afalansa, ndipo mkwiyo wawo unagwera midzi ya kumalire.

Za usikuwo tikuzidziwa makamaka kuchokera m'zimene adzukulu ankasimbirana, zimene zinasindikizidwa m'buku la Harvey Hostetler m'chaka cha 1912. Madzulo a pa 19 September achinyamata a m'deralo anabwera kudzathandiza kusenda ndi kuduladula maapozi oti ayanikidwe. Atabalalika, banja litagona, galu anayamba kuuwa kosalekeza. Mnyamata wina wa m'nyumbamo, Jacob wamng'ono, anatsegula chitseko kuti aone, ndipo chipolopolo chinam'lasa mwendo. Nyumba inali itazingidwa.

Mfuti zinalimo, onga unalimo, pakuti banjali linkasaka nyama. Joseph, wa zaka pafupifupi 15, ndi mng'ono wake Christian, wa zaka pafupifupi 11, anatola mfutizo nadandaulira atate awo kuti awalole kuwombera. Atate anakana. Anati sikololedwa kuchotsa moyo wa munthu, ngakhale pofuna kupulumutsa moyo wako.

Adaniwo anayatsa nyumba. Banja linatsikira m'chipinda cha pansi pa nthaka, nkumathira madzi a maapozi pamitengo yoyaka pamwamba pawo. Kutayamba kucha, poganiza kuti adani apita, anayamba kutulukira pa kazenera kakang'ono. Koma mnyamata mmodzi wa adaniwo anali atatsalira akuthyola mapichesi, ndipo anaitana anzake. Mayi anaphedwa. Jacob wovulala uja anaphedwa, pamodzi ndi mlongo wake. Atate, Joseph ndi Christian anatengedwa ukapolo. Mwana wamwamuna wamkulu, John, amene anali ndi banja lake pamunda woyandikana, anaona zonsezi ali pobisala.

Ife alaliki timakonda nkhani zimene Mulungu amatseka pakamwa pa mikango, ndipo iyi si imodzi mwa izo. Mutu 11 wa Ahebri umatchula amene anapulumuka lupanga mwa chikhulupiriro, ndipo patangopita mavesi atatu umatchula amene anaphedwa nalo, ali ndi chikhulupiriro chomwecho. Joseph, akutero adzukulu, anakhala moyo wake wonse akunena kuti akadaloledwa kuwombera, banja likadapulumuka. Mwina ananena zoona. Akhristu ambiri oopa Mulungu, powerenga za udindo wa bambo pa a m'nyumba yake, akadapereka mfutiyo kwa mnyamatayo ndi chikumbumtima choyera, ndipo sitiwaweruza. Chimene chimatilemera ife n'chakuti mtengo wa kumvera kwa Jacob unalipidwanso ndi mkazi wake ndi mwana wamkazi, amene sitimva kuti anafunsidwa. Koma taonaninso chimene anapemphedwa: kuti ndi pakamwa pake alamule ana ake awiri kupha anthu, iye amene anawaphunzitsa kuyambira ali aang'ono Ulaliki wa pa Phiri ndi mawu a Ambuye kwa Petro m'munda wa Getsemane. Yankho lake silinabadwe usiku umenewo. Analilonjeza tsiku limene anagwada kuti abatizidwe, podziwa bwino zimene lonjezolo linadzetsera makolo ake ku Ulaya.

Ogwidwawo anayendetsedwa masiku ambiri kulowera kumpoto chakumadzulo, kufupi ndi nyanja ya Erie, kumene anawalekanitsa. Potsazikana, Jacob anauza anawo kuti ngakhale ataiwala Chijeremani, asaiwale Pemphero la Ambuye. Iye anakakhala m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Allegheny. M'chaka cha 1758 anathawa, namanga mitengo pamodzi, nayandama nayo pa mtsinje wa Susquehanna akudya udzu, kufikira anafika ku linga la Fort Augusta m'mwezi wa May. Zimene anayankha atafunsidwa ndi msilikali wamkulu Henry Bouquet zinalembedwa, ndipo zilipo mpaka lero.

Anyamata aja analandiridwa m'mabanja a eni dziko naleredwa ngati ana awo enieni. M'chaka cha 1762 Jacob anapempha bwanamkubwa wa Pennsylvania kuti am'thandize kuwabweza. Joseph ndiye anayamba kubwerera, ndipo akuti sanaleke kukacheza ndi kukasaka ndi anthu amene anam'lera. Christian anabwerera cha m'ma 1765. Adzukulu amasimba kuti anafika pakhomo banja likudya, atavala ngati eni dziko, ndipo palibe anam'zindikira. Anatuluka nakakhala pachitsa. Atate ake atam'tsatira kuti am'funse mlendoyo chimene akufuna, iye anatchula dzina lake m'Chijeremani chothyokathyoka. Pambuyo pake Christian analowa mpingo wa Brethren nakhala mlaliki. Jacob Hochstetler anamwalira m'chaka cha 1776.