Tanthauzo la Mawu: Kulimba Mtima

Mneni wakuti kulimba timaugwiritsa ntchito pa chinthu chosathyoka msanga, monga mzati wa nyumba. Tikati munthu walimba mtima, sitikunena kuti mantha alibe. Mantha amamugwira ndithu, koma samubweza m'mbuyo. Musasokoneze ndi kuuma mtima, komwe ndi kusowa chifundo.

Mawuwa ali ndi abale ake. Kulimbika ndi kugwira ntchito mosatopa, monga achitira othyola masamba a tiyi ku Satemwa ndi ku Makwasa. Kulimbikitsa ndi kupatsa mnzako mphamvu zikamuthera.

Mu mpingo, kulimba mtima kumachokera m'chikhulupiriro. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola minda ku Thyolo m'mwezi wa Marichi 2023, mawuwa anamveka m'masiwa ndi m'mapemphero. Amayi amvano akafika pakhomo la wofedwa ndi ufa ndi nkhuni, n'kuti "Limbani mtima, mayi," amatanthauza kuti Mulungu sanawataye ndipo mpingo uli nawo.

Choncho mkhristu asalimbane ndi mantha payekha. Apite pakati pa anzake, apemphere nawo, alimbikitsidwe, nayenso alimbikitse ena.