Dzira la mayi ndi masiku oyamba a mluza

Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira pakati pa 1 ndi 2 miliyoni, ndipo thupi silipanganso ena. Akamakula, mazirawo amachepa ndiponso amafooka, makamaka akapitirira zaka 35.

Dzira likakumana ndi mbewu ya bambo limayamba kugawikana. Pofika tsiku lachitatu, mluza umakhala ndi maselo pafupifupi 8. Cha pa tsiku lachisanu umakonzekera kukhazikika m'chiberekero. Mluza wochokera ku dzira lofooka nthawi zambiri umasiya kukula, ngakhale pa IVF, njira imene madokotala amakumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi.

Choncho musazengereze. Chaka chikatha osatenga pakati, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, pitani nonse awiri kuchipatala, monga cha Nkhoma kapena Mitundu. Vuto limathanso kukhala kwa bambo.