Tsanya wa ku Utale m'mabuku a ku London

Anzanga ku sukulu amandiseka kuti ndimatolera mapepala ngati mbewa. Sanama. M'sutikesi yachitsulo ndimasungamo zithunzi zakale za maluwa ndi masamba, zija ankajambula pamanja makamera asanafale. Zenizeni zakalezo ndili nazo zitatu basi, ndinazigula kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo ku Zomba. Wina anazing'amba m'buku kalekale, ndipo chimodzi chiswe chinalawako m'mbali. Zina zonse n'zongosindikiza kuchokera pa intaneti, poti malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha duwa la mlambe. Ambiri a ife kuno ku Utale takula tikudya malambe koma duwa lake sitinaliyang'anitsitse, chifukwa limamasula madzulo, mileme n'kulizungulira usiku, mawa lake layamba kale kufota. Papepalapo ndi loyera bwino, lolendewera chozondoka monga limachitira mumtengo. Pansi pake analembapo Adansonia digitata. Dzinali ndi la Michel Adanson, Mfalansa amene anauona mtengowu ku Senegal mu 1749. Mawu oti mlambe palibepo.

Zithunzi zoterezi zinali ntchito yaikulu ku England. Magazini ya Curtis's Botanical Magazine inayamba mu 1787, ndipo kufikira mu 1948 utoto wa chithunzi chilichonse ankaupaka pamanja, kope ndi kope. Wojambula wotchuka wa nthawiyo, Walter Hood Fitch, nthawi zambiri ankajambula mbewu zimene sanazionepo zikumera kwawo. Ankapatsidwa tsamba louma lopanidwa papepala, iye n'kulidzutsa ndi cholembera pamwala wosalala wosindikizira.

Masamba oumawo ankachokera kuti? Apa m'pamene mtsinje wathu wa Shire ukulowera m'nkhaniyi. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi, umene unayamba mu 1858, panali dokotala wachinyamata wa ku Scotland dzina lake John Kirk. Ntchito yake ina inali kutola zomera n'kumazitumiza ku munda wa Kew ku London. Mu 1859 iye ndi Livingstone anakwera ndi Shire, anafika ku nyanja ya Chilwa mu April, ndipo mu September anaona nyanja ya Malawi. Mu 1861 anadutsanso ndi bwato kumtunda kwa Shire, chigawo chomwechi chimene Rivirivi wathu amathiramo madzi. Kirk ankajambulanso yekha, koma mu November 1860 bwato lake linagubuduka pa mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, ndipo zolemba ndi zojambula zake zambiri zinapita ndi madzi.

Mwa zimene zinafika ku Kew munali tsanya. George Bentham anaulemba m'mabuku a sayansi mu 1865 kuti Copaifera mopane, potsata dzina limene Kirk anaupatsa, ndipo mu 1949 Jean Léonard anasintha kukhala Colophospermum mopane. Liwu loti mopane ndi la ku Botswana ndi madera oyandikana nako, kumene Livingstone anakhala zaka zambiri asanabwere kuno. Choncho mtengo umene agogo athu ankamangira nkhokwe chifukwa chiswe sichiulowa msanga, dziko lonse limaudziwa ndi dzina la eni ena.

Ana a Fomu 3 ndikawaonetsa chithunzi cha tsamba la tsanya, lija logawika pawiri ngati mapiko a gulugufe, amalizindikira nthawi yomweyo. Mtsikana wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye azunguwo anautulukira bwanji pamene anthu ankaudziwa kale?" Ndinamuuza kuti Kirk sankayenda yekha. Panali Amakololo amene anabwera ndi Livingstone, panali onyamula katundu ndi opalasa bwato, panalinso eni midzi olozera njira ndi kutchula mitengo. Koma pansi pa zithunzizi mupezapo dzina la wotola, la wolemba ndi la wojambula. Sindikunyoza Kirk ayi, munthuyo anagwira ntchito ndipo anadwala nayo malungo. Ndikungoti pepalalo silinena onse amene analipo.

Atsamunda atakhazikika zinapitirira chimodzimodzi. John Buchanan, amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 n'kukakhala ku Zomba, dzina lake lili pa Aloe buchananii. Alexander Whyte anabwera ndi Harry Johnston mu 1891, anakwera phiri la Mulanje chaka chomwecho, ndipo mu 1894 mkungudza unalembedwa kuti Widdringtonia whytei. Zinadzasintha pambuyo pake. Mukapita ku National Herbarium ku Zomba, mupeza mapepala a zomera zouma olembedwa maina a otola a kuno monga Salubeni, Patel ndi Banda. Ndinapitako ndi ana asukulu kamodzi ndipo ndinaona akunong'onezana atawerenga mainawo.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'china. Ndili mwana, kuchoka pa siteshoni ya sitima kupita ku mishoni ya Akatolika, imene ansembe a Montfort anaitsegula mu 1908, tinkayenda mumthunzi. Lero m'mawa uliwonse njinga zimadutsa zitasenza matumba a makala kulowera ku Balaka ndi ku Liwonde, ndipo ogula amafunsa a tsanya chifukwa amakhalitsa pa mbaula. Ootchawo ambiri ndi makolo a ana anga omwewa, ndipo fizi ina imene imalipiridwa pa sukulu yathu imachokera m'matumba amenewo. Inenso kwathu timaphikira makala, sindingabise.

Chaka chino ndauza kalasi langa kuti aliyense abweretse tsamba kapena duwa la mtengo wa kumudzi kwawo, alipane m'nyuzipepala, alijambule m'kope, ndipo pansi pake alembe dzina la Chichewa kapena la Chiyao, mudzi, tsiku, ndi dzina la munthu wamkulu amene wamuuza ntchito ya mtengowo. Mnyamata wina wa kutsidya kwa Rivirivi anabwera ndi tsamba la tsanya, koma akuti anayenda pafupifupi ola lathunthu asanapeze mtengo woti n'kuthyolapo.