Malachite, Mwala Wobiriwira wa M'migodi ya Mkuwa

Malachite ndi mwala wofewa moti mpeni wamba umaukanda. Pa muyeso wa Mohs, pomwe dayamondi ali pa 10, mwalawu umathera pa 3.5 kapena 4. Umapangika pamwamba pa miyala ya mkuwa, pamene madzi ndi mpweya zakhala zikuidya kwa nthawi yaitali, ndipo kuposa theka la kulemera kwake ndi mkuwa weniweni. Ukaudula, mkati mumaoneka mizere yozungulira, ina yobiriwira moderako, ina yowala. Anthu ambiri akale ankaona diso m'mizere imeneyi.

Aigupto ankaukumba ku Sinai, n'kumaupera ndi kudzola m'zikope, mwambo umene unayamba mafarao asanabwere. Kwa iwo kubiriwira kunali moyo ndi kuphukanso kwa mbewu, choncho dziko labwino la akufa ankalitchanso munda wa malachite. Patapita zaka zambiri, ku Italy makolo ankaveka ana kachidutswa ka mwalawu ngati chithumwa, kuti diso la munthu wakaduka lisawagwire. Ojambula a ku Ulaya ndi ku China ankauperanso kuti apeze utoto.

Koma amene anaudziwadi mwalawu ndi osula a ku Katanga ndi kumpoto kwa Zambia. Iwo sanakhutire ndi kukongola kwake, ankafuna chimene chili m'kati. Anthu akakolola, m'chilimwe, amayi ndi ana ankatola malachite pamtunda pamene amuna ankakumba maenje. Ng'anjo ankaziumba ndi dothi la pachulu, n'kuthiramo makala ndi miyala yophwanya, kenako n'kupemerera ndi mvukuto wachikopa mpaka mkuwa utasungunuka. Mkulu wa ntchitoyi ankayamba wapempha mizimu ya makolo, ndipo panali zoletsa zoti osula azitsata. Apa chikhulupiriro ndi luso zinkayendera limodzi, ndipo zipatso zake zinali zogwirika: mkuwa wothiridwa m'zikombole zooneka ngati mtanda, umene unkagwira ntchito ya ndalama ndiponso kulowolera. Mitanda yotere inayenda kutali. Mu 1960, pa Ingombe Ilede, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, inapezeka m'manda pamodzi ndi mikanda yagolide. Mzungu wina, George Grey, atafika ku Kansanshi, kumpoto kwa Zambia, mu 1899 anapeza maenje akale ali kale pomwepo. Azungu amene amatchulidwa kuti "anatulukira" mkuwa wa kuderali kwenikweni ankangolondola mapazi a eni nthaka, ndipo mabuku ambiri a mbiri sanena zimenezi mokwanira.

Ku Russia mwalawu unasanduka chizindikiro cha ufumu. Migodi ya kumapiri a Ural, monga ya banja la Demidov ku Nizhny Tagil, inkatulutsa zimiyala zazikulu. Nyumba yachifumu ya Winter Palace ku St Petersburg itapsa mu 1837, poimanganso anakonzamo chipinda cha malachite chimene chinatha mu 1839. Nsanamira zake zimaoneka ngati mwala umodzi, koma amisiri ankacheka tizidutswa topyapyala n'kumatimata mosamala kuti mizere ikumane. Migodi ya ku Ural inatha mphamvu, ndipo lero malachite ambiri amachokera ku Congo, m'madera a Kolwezi ndi Likasi. Nachonso chikho cha mpira cha World Cup, chimene chakhala chikuperekedwa kuyambira 1974, chili ndi mizere iwiri ya mwalawu kutsinde kwake.

Masiku ano amalonda a pa intaneti amati malachite amachotsa nkhawa, amatsegula mtima ndi kusintha moyo wa munthu. Palibe umboni wakuti mwalawu umachiritsa matenda, ngakhale sindingatsutse munthu amene mtima umakhala m'malo akavala mkanda wokongola. Chimene ndikukana ndi malangizo oti muziuviika m'madzi akumwa. Mkuwa ukachuluka m'thupi ndi poizoni, ndipo fumbi la mwalawu ndi loopsa kwa amisiri amene amaucheka opanda madzi kapena chotchinga kumphuno.

Kusamala mwalawu n'kosavuta. Viniga ndi madzi a mandimu amaudya, kutentha kwambiri kumaudetsa, ndipo mafuta onunkhiritsa amaupha kuwala. Upukuteni ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, muumitse nthawi yomweyo, n'kuusunga pawokha kuti miyala yolimba isaukande. Mphete ya malachite sichedwa kuperepeseka, ndiye ndolo ndi mikanda ya m'khosi ndizo zimakhalitsa. Pogula, muziunyamula kaye m'dzanja: weniweni amalemera ndiponso amazizira, pamene wapulasitiki ndi wopepuka, wa mizere yakuda bii. Mufunsenso wogulitsayo kumene mwalawo unakumbidwa, chifukwa ambiri amatuluka m'maenje a anthu okumba ndi manja amene amalandira zochepa kwambiri.