Nambala Zosasintha pa Kafukufuku: Chifukwa Chake Mayiko Akukonza Ndondomeko

Nambala zosasintha, zomwe pa Chingerezi zimadziwika mwachidule kuti PID, ndi zizindikiro zimene zimaperekedwa kwa wofufuza, ku bungwe kapena ku lipoti la kafukufuku, ndi cholinga chakuti chilichonse mwa izi chizidziwika ndi kupezeka pa intaneti kwa zaka zambiri, ngakhale chitasamuka pamalo pake. M'zaka zaposachedwapa mayiko angapo akonza ndondomeko zadziko lonse zoyendetsera nambalazi, pozindikira kuti kusasintha kwake kumadalira mabungwe amene alonjeza kuzisamalira.

Vuto lomwe zimathetsa

Adiresi ya pa intaneti imangotchula malo amene chinthu chasungidwa. Magazini ya sayansi ikasamukira kwa wosindikiza wina, kapena yunivesite ikasintha makompyuta ake, adiresi yakale imafa ndipo woifuna amagwira m'madzi. Bungwe la Pew Research Center la ku America lidapeza m'chaka cha 2024 kuti masamba 38 mwa 100 alionse amene adalipo pa intaneti mu 2013 sankapezekanso patatha zaka khumi.

Vuto lachiwiri ndi la mayina. Ku Malawi ndi ku Zambia anthu ambirimbiri ali ndi mfunda wa Banda, Phiri kapena Tembo, choncho dzina lolembedwa mwachidule pamwamba pa lipoti silikwanira kusonyeza mwini ntchito. Nawonso mabungwe amasintha mayina. Mu 2021, pomwe University of Malawi idagawidwa, sukulu ya Polytechnic idasanduka MUBAS ndipo College of Medicine idalowa mu Kamuzu University of Health Sciences. Popanda chizindikiro cholumikiza dzina lakale ndi latsopano, ntchito ya zaka zambiri ikhoza kuwerengedwa molakwika kapena kuiwalika.

Mitundu ya nambalazi

Ganizo lopereka nambala ku zolembedwa ndi lakale ndithu, pakuti mabuku ali ndi ISBN ndipo magazini ali ndi ISSN kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Kusiyana kwake n'kwakuti nambala zatsopanozi zimamufikitsa munthu pachinthu chenichenicho kudzera pa intaneti.

Yodziwika kwambiri ndi DOI, yomwe imayamba ndi 10 ndipo imaperekedwa ku malipoti, mabuku ndi ziwerengero zotoleredwa pa kafukufuku. Bungwe la Crossref lidayamba kulembetsa ma DOI a zosindikizidwa mu 2000, pomwe la DataCite, lomwe limayang'ana kwambiri ziwerengero, lidakhazikitsidwa mu 2009.

ORCID ndi nambala ya munthu. Idayamba kuperekedwa mu Okutobala 2012, ili ndi zilembo 16 zoikidwa m'magulu anayi, ndipo wofufuza amaitenga kwaulere n'kukhala nayo moyo wake wonse, kaya asinthe dzina, ntchito kapena dziko. ROR, yomwe idayamba mu 2019, ndi kaundula wa mabungwe ochita kafukufuku. Palinso RAiD, yomwe idayambira ku Australia ndipo imaperekedwa ku ntchito yonse ya kafukufuku, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Momwe zimagwirira ntchito

Nambala iliyonse imalembedwa m'kaundula pamodzi ndi adiresi ya pomwe chinthucho chili, mutu wake, alembi ake ndi chaka chimene chidatuluka. Chinthucho chikasamuka, mwini wake amakonza adiresi m'kaundulamo, koma nambala imakhala yomwe ija. Mwini akaleka kukonza, kapena bungwe lake likatsekedwa popanda wolowa m'malo, nambala imalozera pamalo opanda kanthu. Apa ndi pomwe pagona kufunika kwa ndondomeko ya dziko, yomwe imanena nambala zoyenera kugwiritsidwa ntchito, wolipira, wophunzitsa ogwira ntchito m'malaibulale ndiponso wosunga zolembedwa za bungwe lomwe latha.

Zomwe mayiko achita

Mfundo za FAIR za mu 2016, zonena za kasungidwe kabwino ka zotsatira za kafukufuku, zimayamba ndi kupereka nambala yosasintha. Mu Novembala 2021 mayiko a m'bungwe la UNESCO adavomereza chikalata cholimbikitsa sayansi yofikira aliyense, chomwe chimatchulanso nambalazi.

Dziko la Italy lidalumikiza ofufuza a m'mayunivesite ake ku ORCID kuyambira mu 2015. Ku Britain ntchitoyi idatsogoleredwa ndi bungwe la Jisc, lomwe lidasankha zinthu zisanu zoyambira: anthu, mabungwe, zolembedwa, thandizo la ndalama ndi ntchito za kafukufuku. Ku Australia, kawuniwuni wa mu 2022 adasonyeza kuti kulembanso pamanja mfundo zomwezomwezo m'mafomu osiyanasiyana kumadya masiku ogwira ntchito pafupifupi 38,000 pachaka, zomwe mtengo wake ndi pafupifupi madola 24 miliyoni a dzikolo. Ndondomeko ya dzikolo idatuluka mu 2024. Chaka cha 2023 gulu la akatswiri a m'bungwe la Research Data Alliance lidafalitsa malangizo othandiza mayiko ena kukonza ndondomeko zawo.

M'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa

Ku South Africa, bungwe lothandiza kafukufuku ndi ndalama la National Research Foundation lidalamula kuti kuyambira mu 2017 aliyense wopempha thandizo akhale ndi nambala ya ORCID. Mayunivesite a m'dzikolo amalowa m'bungwe la ORCID pamodzi kudzera ku TENET, bungwe loyendetsa intaneti ya sukulu zaukachenjede, ndipo kulowa pagulu koteroko kumatsitsa mtengo womwe sukulu iliyonse imalipira.

Magazini ambiri a m'chigawochi, kuphatikizapo Malawi Medical Journal, amapeza ma DOI kudzera ku African Journals Online, yomwe idayamba mu 1998 ndipo idasamukira ku South Africa mu 2005. Kuyambira mu Januwale 2023, Crossref idachotsa malipiro a umembala ndi olembetsera kwa mabungwe a m'mayiko osauka, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique adali pamndandandawo. Chaka chomwecho bungwe la TCC Africa la ku Nairobi lidayambitsa Africa PID Alliance, yomwe cholinga chake china ndi kupereka nambala ku nzeru ndi chikhalidwe cha makolo. Bungwe la UbuntuNet Alliance, lomwe lidayamba mu 2005 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, limalumikiza mabungwe oyendetsa intaneti ya maphunziro kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo mabungwe otere ndi amene m'mayiko ambiri amasenza udindo wa nambalazi.

Zomwe zatsala

Kuchotsa malipiro sikuthetsa zonse. Malipiro ena amafunabe ndalama zakunja, zomwe n'zosowa, ndipo kaundula amafuna munthu wolembamo mfundo zolondola, magetsi odalirika ndi malo osungira zolembedwa kwa nthawi yaitali. Zolemba za ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu komanso malipoti a nthambi za boma pa zaulimi ndi zaumoyo kawirikawiri sizidutsa kwa osindikiza akuluakulu, motero sizilandira nambala pokhapokha yunivesite kapena boma litachitapo kanthu. Kafukufuku wopanda nambala amavuta kumupeza ndi kumutchula, ndipo dziko lomwe lidalipira ntchitoyo likhoza kudzalipiranso kachiwiri kuti lipeze zomwe lidazidziwa kale.