Za Malungo, ndi Phunziro la Manda a ku Bandawe

Pa chikondwerero chonga ichi tikumbukira matchalitchi amene anamangidwa ndi masukulu amene anatsegulidwa. Koma ilipo mbiri ina yosayenera kuiwalika, ndiyo ya nkhondo yolimbana ndi malungo m'mphepete mwa nyanja yathu ino. Mbiriyi itiphunzitsa kuti moyo wa anthu usungika pamene atsogoleri awerenga odwala ndi akufa, nalemba, nasintha njira yao monga mwa zimene apeza.

Sitima ya Ilala inalowa m'nyanja pa 12 October 1875, ndipo amishoni a Livingstonia anamanga ku Cape Maclear. Dooko linali labwino, koma imfa sinachedwe kufika. Mu 1877 anamwalira Dr William Black, ndiponso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wochokera ku Lovedale m'dziko la South Africa. Pofika 1881 panali manda asanu, koma wobatizidwa anali mmodzi yekha, ndiye Albert Namalambe. Dr Robert Laws sanangolira maliro ndi kukhala pansi ai. Mu 1878 iye ndi James Stewart, mmisiri wa misewu, anayendera dziko la kumadzulo kwa nyanja, naika malo awiri oyeserapo, ena kuno ku Bandawe ndi ena kumtunda ku Kaning'ina, kuti ayambe aona bwino asanasamutse mishoni yonse. Ku Kaning'ina anachokako chifukwa cha nkhondo za Angoni ndi Atonga. Tsono mu 1881 mishoni inadza kuno, kwa mfumu Marenga.

Komatu nako kuno malungo anali kuwadikira. Masiku amenewo asing'anga a ku Ulaya ankayesa kuti nthendayi ichokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina lake lenilenilo, malaria, litanthauza mpweya woipa m'chinenero cha ku Italy. Kwinini anali naye, koma gwero la nthenda sanalidziwe. Rev. J. A. Bain anamwalira kuno mu 1889, ndipo manda a ku Bandawe wakale, pafupi ndi Makuzi, achitira umboni kufikira lero. Amenewo ndi manda olembedwa maina. Nanga ana a Atonga amene anafa ndi malungo omwewo m'midzi ya Chintheche, anawawerenga ndani? Palibe, ndipo imfa yosawerengedwa siisuntha mtima wa wolamulira.

Poona kuti kunyanja imfa sizileka, Dr Laws anasinthanso maganizo, ndipo mu 1894 anayamba kumanga likulu pa phiri la Khondowe, nasiya Bandawe akhale nthambi ya ntchito. Sanachite manyazi kusamuka kachiwiri, pakuti umboni unamkakamiza.

Chifukwa chenicheni chinaululika kutali. Mu 1880 Alphonse Laveran, sing'anga wa asilikali a ku France, anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Algeria. Ndipo pa 20 August 1897 Ronald Ross, ali ku India, anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Pamenepo kunadziwika kuti mdani si mpweya, koma udzudzu woswana m'madzi oima, umene uchuluka kunyanja kotentha nuchepa kumapiri kozizira. Ku Khondowe ntchito ya umoyo inakula: madzi a m'mipope anafika mu 1904, ndipo chipatala cha David Gordon chinatsegulidwa mu 1911.

Phunziro lomweli linabweranso dziko litalandira ufulu. Zaka zambiri mankhwala a chloroquine anali chiyembekezo cha mayi aliyense. Koma asing'anga atayamba kupima magazi a ana olandira mankhwalawo, anapeza kuti ambiri sachira, popeza tizilombo tinali titawazolowera. Iwo sanabise zimene anaona. Anazitengera ku boma, ndipo mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuika Fansidar m'malo mwake. Fansidar nayenso atafooka, mu 2007 boma linaika mankhwala amene tiwatcha LA. Ndipo pa 23 April 2019 Malawi anakhala woyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mwa kuyesa kwakukulu, natsatidwa ndi Ghana ndi Kenya. Mwa maboma 11 osankhidwa, Nkhata Bay inali momwemo. Zimene zinalembedwa m'maiko atatuwa ndizo zinalimbitsa Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse kuti mu October 2021 livomereze katemerayo. Taonani, ana a kuno amene kale sanawerengedwe, tsopano mabuku a kusikelo kwao athandiza kuweruza mlandu wa ana a maiko ambiri.

Tsono ife tichitenji? Akulu anati safunsa anadya phula. Mwana akatentha thupi, tipite naye kuchipatala akampime magazi, tisangogula mankhwala mwa kulota. Masikito amene tilandira tigonemo, tisawasandutse makoka ophera usipa, pakuti potero titsiriza nsomba zazing'ono ndi kupereka ana athu kwa udzudzu. Mafumu, akulu a mpingo ndi aphunzitsi aonetsetse kuti kubadwa ndi imfa za m'mudzi zilembedwa. Ndipo mankhwala akasowa, tisangodandaula m'mbali, koma tipite kwa olamulira tili ndi chiwerengero m'manja: odwala angati, masiku angati, m'mudzi uti. Mau otere savuta kuwamva, ndiponso avuta kuwakana.

Amene agona m'manda a ku Makuzi analibe nzeru imene ife tili nayo lero. Tikataya ana athu ndi malungo tili nayo nzeruyo, mlandu wathu udzaposa wao.